Phewa si fupa: kuunika tchati cha mafupa cha m'Chichewa

Pali tchati china cha mafupa a munthu chimene chikugwiritsidwa ntchito pophunzitsa anthu odzipereka za chithandizo choyamba m'midzi ya kumunsi kwa Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudutsa ku Mua, mpaka ku Mtakataka. Sinditchula amene anachikonza, chifukwa vuto limene ndikufuna kukamba si lawo okha. Mulipeza m'zomasulira zambiri za zaumoyo. Ndipo ndiyambe ndi kuwayamikira: chithunzicho anajambula bwino, nthiti n'zokwanira, ndipo kungoganiza kuti mayina alembedwe m'Chichewa ndi chinthu chimene ambiri sachita n'komwe.

Koma taonani zimene zalembedwa pa gawo la chifuwa ndi phewa. Mzere wina ukuloza fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi, ndipo palembedwa "fupa la paphewa". Mzere wina ukuloza fupa lophwatalala la kumbuyo, ndipo palembedwanso "fupa la paphewa". Fupa la pakati limene nthiti zimakumanapo alitcha "fupa la chifuwa". Paliponse pamene mafupa awiri akumana alembapo "polumikizira mafupa", mawu amodzimodzi kanayi konse. Mawu akuti cartilage angowasiya m'Chingerezi. Ndipo m'munsi, pa malangizo othandiza munthu amene wasiya kupuma, alemba kuti "kanikizani pamtima".

Mfundo yanga ndi iyi: womasulirayu anatenga Chichewa ngati mndandanda wa mayina oyenera kufanana ndi mndandanda wa Chingerezi, ndipo pamene mayina sanafanane anangodzaza mipata. Chonsecho Chichewa chimagawa dera limeneli la thupi m'njira yakeyake, kudzera m'malo ndi m'aneni, ndipo njira imeneyo ndi imene wodwala amagwiritsa ntchito akafika kuchipatala.

Zimene zili pansi pa khungu

Tisanatsutsane za mawu, tigwirizane kaye za mafupawo. Munthu ali ndi nthiti 24, mbali iliyonse 12, ndipo kumbuyo zonse zimagwira ku mafupa 12 a msana. Kutsogolo ndiye kumasiyana. Nthiti 7 zoyambirira za mbali iliyonse zimafika pa fupa la pakati kudzera pa kachigawo kofewa kaja timati chicherewecherewe. Zitatu zotsatira sizifika zokha, zimakolekera pa chicherewecherewe cha inzake ya pamwamba. Ziwiri zomalizira sizigwira kalikonse kutsogolo. Nambala imeneyi ndi imodzi kwa mwamuna ndi mkazi, ngakhale kuti pa zikwati timakonda kunena za "nthiti yake" ngati mkwati waperewera imodzi. Andreas Vesalius anazilemba kale zimenezi m'buku lake la 1543.

Paphewa pamakumana mafupa atatu: lopingasa la kutsogolo, lophwatalala la kumbuyo, ndi fupa la mkono la kumtunda. Chodabwitsa n'chakuti mkono wonse umalumikizana ndi mafupa a thunthu pamalo amodzi okha, pomwe fupa lopingasa limakumana ndi nsonga ya fupa la pakati pa chifuwa. Gwirani m'munsi mwa khosi lanu, pambali pa kadzenje kaja, ndiye muzunguze mkono: mumva pakuyenda. Fupa lophwatalala lija siligwira nthiti ngakhale imodzi. Limangotsetsereka pamwamba pa nthiti, kuyambira yachiwiri mpaka ya nambala 7, litagwiridwa ndi minofu basi. N'chifukwa chake msodzi amatha kupalasa bwato usiku wonse, ndipo mayi amakweza munsi kupitirira mutu posinja. Mkono ukakwera mpaka kuloza kumwamba, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendowo limachokera ku kutembenuka kwa fupa la kumbuyoli.

Fupa la paphewa, liti?

M'Chichewa phewa si fupa. Ndi dera: pamene timasenzera mtolo wa nsungwi, pamene timakolekera khasu pochoka kumunda, pamene munthu wodzikuza amakweza akamayenda. Dikishonale ikamati phewa ndi shoulder sinalakwe, chifukwa nalonso liwu la Chingerezilo ndi dzina la dera. Kusiyana kwake n'kwakuti Chingerezi cha wamba chili ndi collarbone komanso shoulder blade, mayina awiri amene ngakhale mwana amawadziwa. Womasulira wathu atawapeza awiri, anawaphwanya kukhala limodzi.

Wina anena kuti aaa, nanga chavuta n'chiyani, poti mzere ukuloza kale? Chavuta n'chakuti tchati chimatsala pakhoma, koma mawu ndi amene amayenda. Taganizani za mnyamata wa kabaza amene wagwa pa mphambano ya ku Golomoti n'kugundira phewa pansi. Pali zinthu zitatu zodziwika zimene zingamuchitikire. Fupa lopingasa likhoza kuthyoka, ndipo kawirikawiri limathyokera chapakati. Minyewa yomanga nsonga yake ku fupa la kumbuyo ikhoza kuduka, nsongayo n'kutumphuka ngati kachulu pamwamba pa phewa. Kapena mutu wa fupa la mkono ukhoza kuguluka, nthawi zambiri kulowera kutsogolo, phewa n'kuoneka lophwa. Kuthyoka kuja kambiri kumapola mkono utangokolekedwa pansalu kwa milungu ingapo. Kuguluka kumafuna kuti wodziwa abwezeretse msanga. Ndipo ngati anthu apambali ayamba kukoka mkono poganiza kuti waguluka chonsecho fupa lathyoka, akhoza kuwonjezera ngozi, pajatu mitsempha ikuluikulu ya magazi ndi ya dzanja imadutsa kunsi kwa fupa lopingasalo.

Tsono munthu wodzipereka uja akuimba foni kuchipatala, ndipo chimene anaphunzira n'chakuti "wavulala fupa la paphewa". Wauza chiyani wa kuchipatala? Palibe. Chonsecho mnyamata wovulalayo, amene sanaonepo tchati, anena yekha kuti "lathyoka" kapena "laguluka" kapena "ndangobinya", n'kuloza ndi chala. Aneni atatuwa akusiyanitsa kale zimene dzina la patchati lasakaniza. Sikuti wodwala sangalakwitse ayi, koma chiyankhulo chake chili ndi pogwira. Tchati chabwino chikanayika aneniwa pambali pa fupa lililonse, n'kusonyeza kuti kuthyoka kumaoneka motere, kuguluka motere.

Chifuwa, pachifuwa, m'chifuwa

Apa ndi pamene ine monga wophunzira za chiyankhulo ndimadandaula kwambiri. Aliyense amene anakulira m'Chichewa amadziwa kuti ziganizo izi si zofanana: "Ndili ndi chifuwa." "Pachifuwa pakundiwawa." "M'chifuwa mukundiwawa." Choyamba chikunena za kutsokomola. Chachiwiri chikuloza kunja, pamene ungagwire ndi dzanja: fupa, mnofu, khungu. Chachitatu chikuloza mkati, kumene dzanja silifika. Liwu ndi limodzi, koma pa- ndi mu- zagwira ntchito imene dokotala amaigwira ndi mafunso angapo.

Si zachilendo kuti dzina la chiwalo likhalenso dzina la matenda. Anzathu a Chiswahili amati kifua, ndipo TB amaitcha kifua kikuu, ndendende ngati "chifuwa chachikulu" chathu. M'Chizulu muli isifuba. Mawu atatuwa ndi a mtundu umodzi, ndipo onse amasenza matanthauzo awiriwo. Ndiye ukalemba "fupa la chifuwa" popanda pa-, khutu la Mchewa limadodoma kaye, ngati ukunena fupa la matenda otsokomola. Mawu oyenera ndi "fupa la pachifuwa", kapenanso bwino "fupa la pakati pa chifuwa". Zilembo ziwiri zokha, koma ndi zimene zanyamula tanthauzo.

Magulu a mayina a malo amenewa, 16, 17 ndi 18 pa kawerengedwe ka akatswiri a ziyankhulo za Chibantu, ndi chimodzi mwa zinthu zimene Chichewa chimatchuka nazo kunja. Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva anasindikiza kafukufuku wawo wotchuka pa nkhani ya mayina a malo m'Chichewa mu 1989, ndipo Sam Mchombo anaikambanso m'buku lake la 2004 la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa. Chimene amaonetsa n'chakuti pa-, ku- ndi mu- si timawu tongomata kutsogolo. Timasandutsa dzina kukhala malo amene angakhale mwininkhani, ndipo mneni amagwirizana nawo: pachifuwa PAkuwawa, m'nthiti MUkubaya, kumsana KUkuphwanya. Zimene ophunzira a ku California amawerenga m'kalasi, agogo a ku Mtakataka amazigwiritsa ntchito pofotokoza matenda, koma tchati chathu chazitaya.

Taonaninso liwu lakuti nthiti. Lili m'gulu la mayina amene sasintha pochulukitsa, ndiye "kuthyoka nthiti" sikukuuza kuti ndi zingati. Mneni ndi amene amaulula: "nthiti yathyoka", "nthiti zathyoka". Kusiyanaku si kwa galamala chabe, chifukwa nthiti zingapo zoyandikana zikathyoka munthu amavutika kupuma. Ndipo "m'nthiti" ndi liwu linanso, la malo. Dzina lakuti chibayo linachokera ku mneni kubaya, ululu uja wolasa m'nthiti munthu akamakoka mpweya. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsidwa kuwerenga kapumidwe ka mwana, kuti wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi ndiye kuti akupuma mofulumira, komanso kuyang'ana ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pokoka mpweya. Mayi akati "m'nthiti mukulowa", wanena kale chizindikiro chimenechi m'mawu awiri.

Nanga "kanikizani pamtima"? Apa ndiye pali moyo wa munthu. Uzani anthu asanu kuti agwire pamtima. Wina agwira kumanzere, pansi pa bere, chifukwa kusukulu anamuuza kuti mtima uli kumeneko. Wina agwira pakati. Wina agwira m'munsi, pamene nthiti zimasiyanirana, paja timamva chilungulira. Onse sanalakwe Chichewa. Koma pothandiza munthu wamkulu amene mtima wake waima, manja amayenera kukhala pa theka la m'munsi la fupa la pakati pa chifuwa, kukanikiza masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ukakanikiza kumanzere ukuthyola nthiti pachabe, ukatsika kwambiri ukukanikiza m'mimba. Liwu lakuti pamtima ndi lokoma mu ndakatulo ndi pamaliro. Pa malangizo awa ndi loopsa.

Mawuwo ali kuti?

Tikafika apa ambiri amathamangira kunena kuti Chichewa chilibe mawu a sayansi. Ine ndimafunsa kuti mwakafunsa kuti? Madikishonale alipo, kuyambira ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892 imene Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929, mpaka Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies wa 2000 ndi ya Steven Paas. Koma anthu amene amaona mafupa tsiku ndi tsiku m'dera lathu lino si olemba mabuku. Ndi opha mbuzi pamsika, ndi anyamata a pachiwaya, ndi amayi odula nkhuku alendo akabwera.

Kumeneko mumva nganga, mumva chidale, mumva chicherewecherewe, liwu limene womasulira wathu analisowa n'kulemba cartilage. Aliyense amene anadyapo nganga ya nkhuku amadziwa kansonga koyera kotafunika kaja. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, atafika pa malamulo a nsembe m'buku la Levitiko sanasiye Chingerezi. Anagwiritsa ntchito nganga, liwu la pophera nyama. Ngati linakwanira pa guwa la nsembe, lingalephere pakhoma la chipatala? Zoona, pali funso la ulemu: ena akhoza kumva ngati ukuwayesa nkhuku. Koma limenelo ndi funso lokafunsa eni ake, osati chifukwa chotayira liwu.

Kuganizira opha nyama kumatithandizanso kumvetsa chifukwa chimene fupa lopingasa lija lilibe dzina limodzi lodziwika kwa aliyense, pamene nthiti, msana ndi nganga zili nawo. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zilibe fupa limeneli. Mwendo wakutsogolo umagwiridwa ku thunthu ndi minofu yokha. Kaonereni wopha mbuzi pa msika wa Mtakataka: mwendo wakumbuyo amalimbana nawo pa mfundo ya m'chiuno, koma wakutsogolo amangoulekanitsa ndi mpeni, osafuna nkhwangwa. Ngati mayina ambiri a zamkati tinawaphunzira pogawana nyama, n'zomveka kuti fupa limene nyama zathu zilibe lisowe dzina lofala. Nkhuku ili nalo, koma awiri ake anamatana n'kupanga kamphanda kaja ka kutsogolo kwa nganga. Ndiye mpata ulipo ndithu, sindikukana. Koma ndi mpata umodzi wokhala ndi chifukwa chake, si umphawi wa chiyankhulo chonse.

Palinso gulu lina loyenera kufunsidwa. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, kuli malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Osema a kumeneko akhala akusema matupi a anthu kwa zaka zambiri, kuphatikizapo Yesu ali pamtanda, manja atatambasuka, nthiti zikuwerengeka. Munthu sangaseme phewa lokwezeka osadziwa mmene fupa la kumbuyo limatembenukira. Mmisiri akamakonza ntchito ya wophunzira wake amayankhula, ndipo amayankhula m'Chichewa. Mawu amene amagwiritsa ntchito pamenepo ndi chuma chimene wokonza tchati akanachipeza atangoyenda makilomita ochepa.

Chilatini nachonso n'cha kukhitchini

Chimene chimatiopsa ndi kulira kwa mayina a m'mabuku. Koma tawamasulireni. Clavicula ndi kakiyi. Manubrium, chigawo cha pamwamba cha fupa la pakati pa chifuwa, ndi chigwiriro. Xiphoid, kansonga ka m'munsi, ndi "konga lupanga". Coracoid, kamphuno ka pa fupa la kumbuyo, ndi "konga khwangwala", chifukwa kamaoneka ngati mlomo wake. Anthu amene anatcha mayinawa anangoyang'ana fupa n'kukumbuka chinthu cha pakhomo pawo. Mndandanda wa dziko lonse wa Terminologia Anatomica, umene unatuluka mu 1998, wadzaza ndi makiyi, malupanga ndi mbalame.

Ife tingalephere bwanji? Fupa lophwatalala la kumbuyo, la makona atatu, mlimi aliyense angalione ngati khasu lopanda mpini. "Khasu la phewa" ndi dzina limene munthu angalimve kamodzi osaliiwala. La kutsogolo lija "fupa lopingasa" likukwanira, ndipo mwaona kuti ndaligwiritsa ntchito m'nkhani yonseyi osasokera. Awa ndi maganizo anga chabe, oti akayesedwe pa anthu, chifukwa fupa lokakamiza limaswa mphika. Dzina lopangidwa muofesi limene anthu sanalilandire limafera papepala.

Fanizo nalo liyenera kusankhidwa mosamala. Ndamvapo aphunzitsi akufanizira mfundo ya paphewa ndi munsi mumtondo. Fanizo limenelo likuyenera mfundo ya m'chiuno, imene chibowo chake n'chakuya. Ya paphewa si choncho: mutu wa fupa ndi waukulu, pokhalira pake ndi posaya, pozunguliridwa ndi kamkombero kofewa, ndipo minofu inayi ndi imene imaugwira kuti usagwe. Zikufanana kwambiri ndi mtsuko pa nkhata. Ukamva choncho wamvetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: chifukwa chimene phewa limazungulira mbali zonse, komanso chifukwa chimene limaguluka kawirikawiri kuposa mfundo zina zikuluzikulu. Ndipo onani kuti ndikuti mfundo, liwu limene timatchulira za pa nzimbe, za pa chingwe ndi za pa zala. Tchati chinalisiya n'kusankha "polumikizira mafupa", mawu aatali amene akufotokoza m'malo motchula.

Kwa amene akuti tingobwereka

Ndikudziwa mtsutso wa anzanga a ku zachipatala. Iwo amaphunzira m'Chingerezi, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences kaya ku makoleji ena, amalemba mafayilo m'Chingerezi, ndipo akatumiza wodwala kuchokera ku Mua kupita ku Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kalatayo iyenera kunena clavicle. Sindikutsutsa. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Chichewa chinalandira kale jakisoni, bandeji ndi opaleshoni popanda kudwala nazo. Ngati tsiku lina anthu adzayamba okha kunena kuti kilaviko, tidzalemba.

Koma tchati ichi sichinalembedwere madokotala. Chinalembedwera munthu amene amafika pa ngozi dokotala asanafike, ndipo ntchito yake ndi kumva zimene wovulala akunena n'kuzipereka patsogolo osazisokoneza. Munthu ameneyo akufunika zinthu zitatu zimene tchati sichinamupatse: dzina losiyana pa fupa lililonse, pa- ndi mu- zosungidwa pamalo pake, ndi aneni a ululu ndi kuvulala atayikidwa pambali pa chithunzi. Ndipo pa malangizo a kukanikiza, mawu akhale akuti "pakati penipeni pa chifuwa, pa theka la m'munsi la fupa la pakati", ngakhale atalike.

Kwa inu amene mukufunafuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, nawu wagona pabwalo. Tengani chithunzi cha mafupa chopanda mayina, mukakhale ndi opha nyama, osema, azamba, asodzi ndi alangizi a zaumoyo pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Dera limeneli muli Achewa, Angoni a kwa Kachindamoto ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja, ndiye musadabwe fupa limodzi likatuluka ndi mayina angapo. Lembani liwu lililonse pamodzi ndi amene walinena, gulu lake la dzina, ndi chiganizo chonse chimene latulukiramo. Mufunsenso kuti ndi liti limene munthu angalinene pamaso pa apongozi ake. Ndipo ngati kwanu kuli dzina la fupa lopingasa lija limene agogo anu amalitchula, litumizeni kuno, munenenso mudzi wake.